Funso la Amalume Alfonsi

Mu 1997 Rhoda Mbewe anabwerera kwawo ku Chiparamba kuchokera ku yunivesite, komwe ankapanga pulogalamu ya kompyuta yoyeza mikangano. Pulogalamuyo inkalandira mfundo za anthu n'kuona kuti iyi ikugwetsa iti. Ukachotsamo munthu mmodzi chigamulo n'kusintha, ndiye kuti iyeyo ndiye anakhotetsa nkhani.

Anapeza bambo ake atachotsedwa pa upampando wa gulu la alimi a thonje. Aliyense ankaloza chala a Malcolm Zulu, amene analalata kwambiri pamsonkhano umene unawachotsa. Poti msonkhano unajambulidwa pa kaseti, Rhoda anapita ku Chipata, anabwereka kompyuta ya mnzake n'kulowetsamo mfundo zonse.

Atachotsamo a Zulu, chigamulo sichinasinthe. Koma atachotsamo amalume ake, a Alfonsi, bambo ake anapambana. Amalumewo anayankhula kamodzi kokha, mofatsa, kufunsa ngati munthu wodwala shuga angathe kumayendera minda yonse. Zoti bambo a Rhoda amadwala shuga ankadziwa ndi apabanja okha, ndipo bambo ankayesa kuti funsolo linali lowamvera chisoni.

Atabwerera kwawo, Rhoda anawapeza amalumewo pakhonde ali ndi bambo ake, akuwapepesa alamu awowo pa zomwe zinachitika.

"Amalume, funso lanu lija ndi limene linagwetsa bambo. Munadziwa?"

A Alfonsi anakanda m'mutu. "Wina anayenera kunena, mwana wanga. Gulu linali litatopa nawo."

Bambo ake a Rhoda, amene analera a Alfonsi kuyambira ali aang'ono, anaimirira. Kenako anati, "Alamu, pitani kwanu," n'kulowa m'nyumba.