Mafupa a Pamulu wa Miyala

Chaka chilichonse pulawo ikafukula miyala, a Sixten ankaiponya pamulu wa m'malire a munda wawo pachilumba cha Gotland, pamodzi ndi mafupa. Ankati ndi a ng'ombe.

Gunvor, mayi wofukula zakale, anawapempha kuti chaka chino asalime.

"Ndisiye munda chifukwa cha ng'ombe zakufa? Tidya mafupawo, mayi?"

"Ng'ombe yanuyi ili ndi chibwano cha munthu, bambo," anatero Gunvor atatola chigaza pamulupo. "Nkhwangwa inalowa apa katatu. Miyendo iyi anaidula kamodzi, yonse iwiri. Anali mlimi wokalamba, wopanda mano, amene anapita kukatchinga asilikali a ku Denimaki zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo."

A Sixten anayendetsa lilime pa usinini wawo wopanda mano. Kenaka anapita kukazimitsa thirakitala.