Mtondo wa Amayi

Mu mzinda wonse wa Genova ku Italy munalibe munthu wokonda kuyankhula za pesto, msuzi wamasamba wothira pa pasitala, kuposa ine, Ettore. Ndinkanyoza aliyense wogaya masamba a basiliko ndi makina amagetsi. Ndinkati pesto weniweni ndi wosinja mumtondo wa nsangalabwi ndi munsi wamtengo, monga ankachitira amayi anga. Mkazi wanga Giuliana atagula makina otere, ndinawabisa pamwamba pa kabati ngati katundu wakuba. Koma chilungamo chake n'chakuti ine mwini ndinali ndisanasinjepo mpaka kumaliza. Ntchito yanga inali kulawa ndi kudzudzula.

Amayi atafika zaka 84 anaganiza zosamukira m'kanyumba kopanda masitepe, ndipo anayamba kugawa katundu. Mtondo wawo, womwe unachokera kwa amayi awo, tinkaufuna tonse awiri, ine ndi achemwali anga Ornella. Amayi anati asatimve tikukangana. Lamlungu lotsatira aliyense abwere ndi pesto wake, iwo alawa, ndipo mwini wa pesto wokoma kuposa wa mnzake atenga mtondo.

Ndinaseka. Ndinauza achemwali kuti asadzivute n'kugula adyo.

Lamlungu m'mawa ndinabwereka kamtondo kwa aneba n'kuyamba. Adyo ndi njere za paini zinatheka. Nditaika masamba ndi mchere, mavuto anayamba. Ndinkangopondaponda ngati ndikupha njoka, mkono kuwawa, thukuta kamukamu, ndipo masamba aja anada bii. Giuliana anangoima pakhomo la khitchini atapinda manja n'kumandionerera, zomwe zinandipweteka kuposa chipongwe.

Atapita kutchalitchi, ndinakwera pampando n'kutsitsa makina aja. Masamba atsopano, tchizi, mafuta a maolivi, kudina katatu basi. Pesto anatuluka wobiriwira mochititsa manyazi. Ndinatsuka makinawo, kuwapukuta, n'kuwabwezera pamalo pake.

Kwa amayi tinaphika pasitala wa trenette pamodzi ndi mbatatesi ndi zitheba. Achemwali anafika dzanja litachita matuza. Amayi analawa wa achemwali, n'kunena kuti ndi wabwino ndithu koma wolemera, ngati wa anthu akalekale. Atalawa wanga anatsinzina.

“Uyu ndiye ngati wanga,” anatero amayi. “Ettore, tenga mtondo.”

Achemwali sanatsutse. Anangotenga mbale n'kupita kukatsuka. Ine chifuwa chinatukumuka, ndinayambanso kufotokozera alamu anga, amuna a achemwaliwo, kuti chinsinsi chagona pa kuzunguza munsi modekha, osati kumenya.

Ndikuwerama kuti ndinyamule chimwala chija, amayi anandikoka malaya n'kundinong'oneza.

“Iwe, makina ako ndi a mtundu wanji? Anga ayamba kutenthetsa masamba.”

Ndinangoti kukamwa yasa. Anandiuza kuti anasiya kusinja phewa litayamba kuvuta, ine ndili ndi zaka khumi, ndipo ankangothira pesto mumtondomo pobweretsa patebulo kuti abambo asadandaule. Zaka makumi anayi ndakhala ndikutukwana anthu poteteza kukoma kwa pesto wa amayi, osadziwa kuti anali wa pamakina.

Ndinayang'ana kukhitchini. Achemwali ankatsuka mbale ndi dzanja limodzi, lamatuza lija atalikweza kuti lisakhudze sopo. M'nyumba monsemo ndi iwo okha amene ankadziwa kugwiritsa ntchito chinthu chomwe ndinali nditakumbatira. Manyazi anandigwira kwambiri, moti ndinatsala pang'ono kuwaitana.

Sindinawaitane. Ndinatsika nawo masitepe mtondo uja, msana ukulira, ndipo mpaka lero uli kwathu.