Chiphaso Chaulemu cha a Nanay Saling

Pa yunivesite imene Leonisa Tabuena ankaphunzitsa, ndalama za kafukufuku zinkadziwa makomo awiri okha: la mainjiniya ndi la anamwino. Kunthambi ya maphunziro a chikhalidwe cha anthu sizinkaodira n'komwe. Leonisa anali atalemba makalata opempha thandizo mpaka zala kuuma, ndipo mayankho onse ankayamba ndi kumuyamikira. Anafika pozolowera. Kalata ikayamba ndi kukuyamikira, ungodziwiratu kuti wagwa nayo.

Kafukufuku wake anali wa azamba a m'midzi ya kumapiri. Khonsolo ya tauni ya kumeneko inali itaika lamulo loti mayi aliyense azikachirira kuchipatala, ndipo mzamba wopezeka akubereketsa pakhomo ankamulipitsa chindapusa, akabwereza n'kumutsekera. Lamulo labwino ndithu, kwa anthu okhala m'mbali mwa msewu wa phula. Koma kumtunda kuja mvula ikagwa mtsinje umadzaza, nanga mwana wa m'mimba amadikira kuti madzi aphwe? Ndiye azamba ankagwirabe ntchito yawo mwakabisira. Leonisa ankafuna kuilemba bwino nkhani imeneyi, a khonsolo aione, lamulo lisinthe.

Amene anamutsegulira khomo anali a Nanay Saling (kumeneko Nanay ndiye kuti amayi), mayi wamfupi wa manja olimba, amene theka la mudzi linabadwira m'manja mwawo. Sizinali zapafupi. Leonisa anakwera phiri lija nthawi zosawerengeka, pa njinga yamoto yolipira ndi za m'thumba mwake, n'kumakhala pansi pakhonde pawo kudya nthochi zophika ndi nsomba zouma, koma osamva liwu lenileni ngakhale limodzi. Tsiku limene anamulola kuyatsa kachipangizo kojambulira mawu, anayamba amugwira dzanja, n'kumutchula kuti Inday, mmene kumeneko amaitanira mwana wamkazi mwachikondi.

"Inday, ine ndakalamba, ndende sindingaithe. Dzina langa likangotuluka, ndatha ine."

"Silituluka, Nanay. Ngakhale nkhope yanu, ngakhale dzina la mudzi uno. Ndikulumbira."

"Usalumbire, mwanawe. Ungochita basi."

Tsiku lomwelo anamulonjeza kuti adzapita naye kwa azamba anzawo a kuseri kwa phiri. Koma kuseri kwa phiri n'kutali, kofuna galimoto, wothandizira, ndi miyezi yosaphunzitsa. Zonsezo ndi ndalama. N'chifukwa chake a Gilmer Pabalinas atamuitana, Leonisa anapita mothamanga.

A Gilmer anali mkulu wa ofesi yosaka anthu othandiza yunivesite. Ofesi yawo inali yozizira bwino, pamene kwa Leonisa chokupizira mphepo chinafa kalekale. Sanali munthu woipa ayi, ndipo n'zimene zimapsetsa mtima kwambiri pa nkhaniyi. Anali wansangala, wokonda anthu, wokumbukira tsiku lobadwa la aliyense.

"Doktora, mwayi wanu wafika," anatero. "Ophunzira akale akubwera ku phwando lawo la chaka chino, ena ochokera ku Amereka, matumba ali tho. Ndakupezerani mpata wolankhula. Koma pempho lanu ndaliwerenga. Nzeru zilimo, mtima mulibe. Ati 'mayi wachitatu', ati 'mudzi wina wa kumapiri'. Ndani angapise m'thumba chifukwa cha mayi wachitatu? Anthu amapereka akaona nkhope."

"Nkhope palibe, a Gilmer. Ndinalonjeza."

"Ngakhale chithunzi cha manja okha?"

"Ngakhale chikhadabo."

A Gilmer anaseka mpaka kugwira pamimba. "Inu a chikhalidwe cha anthu inu! N'chifukwa chake mumayenda pa njinga zamoto. Mainjiniya ndikawapempha chithunzi cha mlatho, mlatho sukana."

"Mlatho sautsekera m'ndende."

"Chabwino, chabwino. Inu mudzangolankhula. Zinazo zisiyeni m'manja mwanga."

Leonisa anatuluka mtima uli m'malo, pamene anayenera kuchita mantha pomwepo. Anaiwala kuti tsiku lina, kamodzi kokha m'mbiri yonse, yunivesite inamubwereka galimoto, ndipo dalaivala wake, a Manong Berting (Manong ndiye kuti achimwene), anakhala pakhonde pa a Nanay Saling n'kumwa khofi. Anaiwalanso khalidwe la pamalopo. Pa yunivesite ija panalibe mwambo umene unkatha popanda ziphaso zaulemu. Wotsegula ndi pemphero, chiphaso. Ana ovina pakati pa zolankhula, chiphaso. Ngakhale amene anabwereketsa mipando, chiphaso, cha m'felemu yagalasi, dzina lonse lolembedwa ndi zilembo zagolide, n'kujambulidwa nacho. Kwa a Gilmer, munthu wotchulidwa pamwambo koma osalandira chiphaso anali munthu wonyozedwa.

Tsiku la phwando holo inadzaza masana. Nkhumba zootcha zathunthu zinali gone patebulo, khungu lili psuu, mpunga uli mbwee. Kutebulo la akuluakulu Leonisa anaona mayi wina wovala zachikasu, ndipo anawazindikira: anali a Meya Remedios Villaruel, amene anasaina lamulo lija. Nawonso anaphunzira pomwepo. Leonisa anathokoza Mulungu chamumtima kuti mayina onse anawabisa.

Nthawi yake itakwana analankhula mosamala, za mitsinje, za mtunda wa kuchipatala, za mayi wachitatu. Anthu ankamvera ndi khutu limodzi, masipuni akulira m'mbale. Atangomaliza, a Gilmer analumphira kutsogolo n'kutenga chimkuzamawu.

"Alendo athu olemekezeka, a Doktora athuwa ndi odzichepetsa kwambiri, ndipo ngwazi zawo amazibisa. Koma ife pano sitibisa ngwazi, timazilemekeza! Takukonzerani chodabwitsa, chimene ngakhale eni akewa sakuchidziwa."

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Analowa a Manong Berting, atagwira pamkono a Nanay Saling.

Anali atavala diresi lawo la kutchalitchi, tsitsi lili nyezinyezi ndi mafuta a kokonati, kumapazi masilipasi atsopano. Anayang'ana uku ndi uku m'chikhamu chija mpaka anamupeza Leonisa, ndipo nkhope yawo yonse inawala. Anakweza dzanja.

Leonisa sakumbuka kuti anadutsa bwanji pakati pa matebulo.

"Nanay! Mwabwera bwanji kuno?"

"Si iwe unatuma galimoto? Ati Inday akufuna mukadye naye. Ndinati mwana uyu wapenga, koma ndabwera. Taona masilipasi."

Leonisa anatembenuka, misozi ili kale m'masaya. "A Gilmer, zimitsani chimenecho! Musatchule dzina, chonde!"

"Taonani, akulira!" anafuula a Gilmer m'chimkuzamawu. "Misozi yachisangalalo! Tiwaombere m'manja!"

Holo yonse inaomba m'manja, mawu a Leonisa n'kumira m'menemo. A Gilmer anakweza felemu n'kuwerenga m'Chingerezi, mokweza, momveka bwino: dzina lobatizidwa nalo la a Nanay Saling, dzina la kwa amuna awo, dzina la mudzi, ndi mawu oti akulemekezedwa chifukwa chobereketsa amayi a kumapiri kuyambira kale mpaka lero. Mpaka lero! Zilembo zagolide. Ndipo poti mwambo umati chiphaso chimaperekedwa ndi mlendo wamkulu koposa onse, anaitana a Meya.

A Nanay Saling Chingerezi sankachimva. Koma nkhope ya a Meya ankaidziwa, nanga si ili pa chinsalu chilichonse cha m'tauni, pamsika, pamlatho, ngakhale pagalimoto yotaya zinyalala. Kumwetulira kuja kunazima. A Meya anawagwiritsa felemu mbali imodzi, iwo n'kugwira inayo, mafoni ali m'mwamba holo yonse. Akumwetulira choncho, mano onse panja, anawerama pang'ono n'kufunsa m'chinenero cha kwawo:

"Kodi mudakagwirabe, Nanay? Ine ndimayesa munapuma."

A Nanay Saling anangomuyang'ana Leonisa, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali.

Ndalama zinabwera, osanama. Dokotala wina wa ku Amereka analira, nthiti ya nkhumba ili m'manja, ati wakumbuka agogo ake. Ena analonjeza pomwepo, ena kupikisana. Zimene Leonisa anazipempha zaka zonse zija zinakwana anthu asanadye n'zotsekemera zomwe.

A Gilmer anamupeza pakhomo, nkhope ili ngwee. "Mwaona, Doktora? Nkhope! Ndinakuuzani ine."

"Mwachita chiyani inu?" anatero Leonisa. "Ndinakuuzani kuti ngakhale chikhadabo! Mwamutenga mayi uja kunyumba kwake, m'dzina langa, n'kumupereka m'manja mwa amene amamusaka, kuchita kumukulunga m'felemu!"

"Ndamulemekeza ine!" A Gilmer anadabwa zenizeni, mpaka kukhumudwa. "Mayi wagwira ntchito moyo wake wonse, palibe anamupatsapo ngakhale kapepala. Inu mumamubisa ngati wakuba, mayi wachitatu, mayi wachitatu. Lero wadya ndi akuluakulu. Ndipo Remy, a Meyawo, ndi mnzanga, tinkakhala benchi imodzi. Sangachite kanthu."

"Asa! Ulemu wanuwo mukadye nokha!"

Anawasiya pomwepo n'kuthamangira a Meya, amene ankapita ku galimoto yawo. Anawapempha kuti asawalange a Nanay, iye amene sanapemphepo munthu wandale chilichonse. A Meya anamvetsera, n'kumusisita paphewa.

"Doktora, mukanandinong'oneza pakona, ndikanatseka maso. Mukuyesa sindidziwa za kumapiri? Ndimadziwa, ndimangoyang'ana kumbali. Koma mwandijambulitsa naye, chithunzi chili kale pafoni ya aliyense. Ndikakhala chete, a kuchipatala anditenga bwanji? Adani anga m'khonsolo anena chiyani? Lamulo ndinasaina ndine."

Leonisa anabwerera m'holo kukafuna a Nanay, koma anapeza atapita. Anali atapempha a Manong Berting kuti awabweze, osadya kanthu. A ofesi ya a Gilmer, anthu aulemu aja, anawakulungira nyama m'pepala.

Madzi akatayika saoleka. Leonisa analemba madandaulo kwa akuluakulu a yunivesite, ndipo yankho linayamba ndi kumuyamikira. M'nyuzi ya pasukulupo munatuluka chithunzi chija patsamba loyamba, pansi pake atalemba kuti nthambi ya chikhalidwe cha anthu yasonkhetsa ndalama zosaonekapo. Anzake ena ankamupatsa moni wa mafuno abwino m'makonde, ena kumufunsa kuti anachita bwanji kuti nawonso atengere. Iye ankangowadutsa. Ankafuna kupita kumapiri tsiku lotsatira lomwe, koma manyazi ankamuletsa, mpaka masabata anadutsa.

Tsiku limene anapita, anapita pa galimoto, poti tsopano ndalama ya galimoto inalipo. Anaisiya kutsidya kwa mtsinje n'kukwera wapansi. Ana amene kale ankamuthamangira anangoima patali. Amayi a pampopi anayankha moni wake ndi misana.

A Nanay Saling anali pakhonde, akusankha mpunga m'lichero. Khola la nkhumba linali pululu. Leonisa sanafunikire kufunsa kumene chindapusa chinachokera. Pamsomali pamene pankapachikidwa chikwama chawo cha lumo ndi nsalu panalibe kanthu. Felemu ija anavindikirira mtsuko wa madzi, zilembo zagolide zitayang'ana pansi.

Atamuona anadzuka, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpando wapulasitiki, uja wa alendo a boma, n'kuupukuta ndi nsalu.

"Khalani apa, Doktora."

Leonisa anamva ngati amumenya khofi. Chiyambire, sanamutchulepo choncho. Malo ake anali pansi, pambali pa lichero.

"Nanay, sindinali ine. Sindinatume galimoto, sindinkadziwa chilichonse. Ndikhululukireni."

"Ndikudziwa kuti simunali inu. Ndinaona mmene munalirira."

"Ndiye mverani. Ndalama zapezeka, zambiri. Tsopano tikhoza kupita kuseri kwa phiri, tikalembe zonse, tikawaonetse. Lamulo lisintha, Nanay, ndipo zimene zakuchitikiranizi sizidzachitikiranso wina."

"Kuseri kwa phiri kuli chiyani?"

"Anzanu aja. Azamba anzanu."

A Nanay Saling anatola kamwala mu mpunga n'kukataya pabwalo.

"Kuno kulibe azamba, Doktora. Kuseri kwa phiri kulibenso. Funsani aliyense."

Panjira panadutsa mtsikana wa pakati potopa, dzanja lili m'chiuno. Anaima pa mpanda, n'kuyang'ana khonde, n'kuyang'ana mlendo wa pampando wapulasitiki. Anadikira pang'ono. A Nanay Saling sanadzutse mutu. Mtsikanayo anapitiriza ulendo wake pang'onopang'ono.

Kumapiri kunali kutayamba kuda, mphepo ikununkha mvula. Leonisa anali chikhalire, kachipangizo kojambulira mawu kali m'chikwama, katsopano, kogula ndi ndalama za kafukufuku.

"Tsikani msanga, Doktora," anatero a Nanay Saling, maso ali mu lichero. "Mtsinje ukadzaza, kuno kulibe wothandiza munthu."