Wotsiriza Kutuluka

Selinah anatsegula chitseko cha chipinda, napatuka, nawerama pang'ono monga anamuphunzitsira mayi ake kwawo ku Dedza.

"Tiyeni, Bambo. Chakudya chili patebulo."

A Mowat anali ataima kale pakhomopo. Anali atavala kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo, ndi nsapato zakale zosewerera mpira zimene anazipaka okha mafuta m'mawa. Miyendo yawo inali itaonda ngati nsungwi. Sanayang'ane Selinah. Maso awo anali pamwamba pa mutu wake, pamene panalibe munthu.

"Tam sanatuluke," anatero m'Chingerezi chawo cholemera.

"Muno mulibe Tam, Bambo. Ndine Selinah."

"Ndimudikira."

Anaima choncho mpaka msuzi unazizira. Selinah atabweretsa mbale m'chipindamo, iwo anapukusa mutu. Anati munthu sadya mpira usanayambe. Madzi okha ndiwo anapsontha, nabwezera kapu ndi mawu a zikomo, chifukwa ulemu unali usanawachokere.

A Fergus Mowat anabadwira m'tauni ya asodzi kumpoto kwa Scotland. Analowa m'timu ya kwawo ali mnyamata wokonza mabwato, ndipo anaisewerera mpaka imvi zinayamba. Matimu akuluakulu a m'mizinda anawafuna, iwo anakana. Anali wotchinga kumbuyo. Mpira wa masiku amenewo unali wachikopa, ukanyowa unkalemera ngati dzungu, ndipo iwo anaumenya ndi mutu moyo wawo wonse. Madokotala ankati ndiwo unawabweretsera matenda oiwala. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Moira anawatenga kudzakhala naye ku Jumeirah, dera la m'mphepete mwa nyanja kudziko lachipululu kumene ankagwira ntchito, nalemba Selinah kuti aziwasamala.

Sabata imeneyo Moira anali atapita kunja pa za ntchito. Chichokereni iye, bambo ake anali asanatulukeko m'chipinda, ndipo m'mimba mwawo munali musanalowe chakudya.

Foni inalira Selinah akutsuka mbale.

"Adya?" anafunsa Moira.

"Ayi, Madamu. Madzi okha."

"Adokotala abwera mawa. Akapeza kuti sanadyebe, awagoneka m'chipatala. Ndipo akatuluka kumeneko ndiwaperekeza ku nyumba yosungira okalamba ku Scotland. Sindingathenso, Selinah. Kumeneko palibe aliyense amene watsala wowadziwa, koma ndichite chiyani?"

"Tam ndi ndani, Madamu?"

"Mnzawo wa mpira. Anamwalira ine ndisanabadwe. Bwanji?"

"Akuti akumudikira."

Foni itaduka, Selinah anatsamira sinki, natseka maso. Kwawo, wodwala akayamba kutchula akufa ndi kuyang'ana kukhomo, amayi amayamba kusesa pabwalo osanena kanthu. Anapemphera mwachidule, kuti Ambuye amene anawafikitsa kutali chonchi asalole kuti nkhalambayi itengedwe ili ndi njala.

Jasten, dalaivala wa pa nyumbapo, analowa kukhitchini kudzamwa madzi. Anali wa ku Lusaka, ndipo tsiku lililonse ankasiyira Selinah theka la buledi wotentha wogula kwa Mpakistani wa pakona. Analiika pambali pa ketulo monga mwa nthawi zonse.

"Ba Selinah, nkhope yagwa bwanji? Flames yaluzanso?"

"Musandiseke lero, achimwene. Bambo akuitanidwa."

"Akuitaniwa na ndani?"

Selinah anafotokoza zonse: nsapato, kuima pakhomo, ndi dzina la Tam. Ananenanso chimene sanauze Moira, kuti masana nyumba ikakhala zii, pongomveka makina oziziritsa mpweya, amamva timano ta nsapato tikugogoda pa matailosi, kho kho kho, kufika pakhomo, kenako n'kusiya. Ndipo nthawi zina ankamva mawu a nkhalambayo akuseka pang'ono, ngati munthu amene wayankhidwa.

Jasten anasiya kumwetulira. Anakhala pampando natulutsa foni.

"Galu wamkota sakandira pachabe. Tiyeni tione chabe."

Anafufuza dzina la a Mowat, napeza kanema wakale wopanda mitundu. Osewera ankatuluka m'kanjira kamdima kulowa m'bwalo lamatope, mmodzi pambuyo pa mnzake. Chakumapeto kunali goloboyi wamtali wovala kapusi. Pambuyo pake, wotsiriza pa onse, panali mnyamata wa chifuwa chachikulu, dzanja lake lamanja lili paphewa la goloboyiyo.

"Awa ni ba Mowat. Uyu wa kapusi ndiye Tam."

Anawerenga zimene ochemerera timuyo analemba pansi pa kanemayo. Ankati awiriwa anakulira msewu umodzi, ndipo ankatuluka choncho pa mpira uliwonse. Tsiku lina Tam anabwerera kukatenga kapusi yake, oyimbira akuwafulumiza, ndipo a Mowat anatsogola. Tsiku lomwelo Tam anadumphira mpira pa mapazi a mdani, bondo linamumenya m'mutu, ndipo sanadzukenso.

Panali kanema wina wa zaka zapatsogolo, wamitundu. Timu inatuluka, goloboyi ali wina, ndipo anali kutsogolo. A Mowat, tsitsi litayamba kuyera, anatuluka pomaliza. Patsogolo pawo anasiya mpata wokwana munthu mmodzi. Dzanja lawo lamanja linali m'mwamba, litagwira mphepo.

Jasten anabwezera kanemayo pambuyo, anaoneranso, kenako anaika foni chafufumimba patebulo.

"Manje niuzeni. Mukatsegula chitseko, mumaima kuti?"

"Pambali. Ndingawatsogolere munthu wamkulu ngati uja?"

"Nanga Madamu?"

Selinah anaganiza. Moira ankayenda mothamanga, foni ili kukhutu, bambo ake akumutsatira. Anakumbukiranso kuti kubafa ya m'chipinda mwawo a Mowat ankalowa bwinobwino, chifukwa Selinahyo ndiye ankayamba kulowa kukatsegula madzi.

"Ndiye kuti ndine ndawatsekera."

"Ulemu wanu wa ku Dedza wafuna kupha nkhalamba ya eni," anatero Jasten, koma mofatsa. "Khalas, basi, tapeza. Ija jezi yobiriwira ili mu galasi kuchipinda kwa ba Mowat ni ya Tam. Tiichotse, muvale, muzaona azatuluka monga mwana wa sukulu."

"Chovala cha wakufa? Ine ayi."

"Ni nsalu chabe."

"Valani inuyo ngati ndi nsalu chabe."

Jasten anakanda m'mutu. "Ine nili na mimba yaikulu. Siingakwane."

"Ndiponso sindingawanamize kuti ndine Tam. Munthu wotsatira wakufa amapita kumene wakufayo ali."

"Nanga mukatsogola, muzakhala mukuwapeleka kuti?"

"Kutebulo," anatero Selinah. Anayatsa moto pa msuzi.

Masana amenewo kunja kunali fumbi. Dzuwa linkaoneka ngati mbale yotuwa, ndipo nyanja sinkaoneka n'komwe kuseri kwa mpanda. M'nyumba makatani anali otseka. Kuchokera ku mzikiti wapafupi kunamveka kuitanira mapemphero, kenako kunakhalanso chete.

Selinah anagogoda nalowa. A Mowat anali atakhala m'mphepete mwa bedi, atawerama, akumanga zingwe za nsapato. Pambali pawo matiresi anali atabonyoka pang'ono. Selinah anadziuza kuti anayamba akhala pamenepo.

Pakhoma panali jezi yobiriwira ija m'bokosi lagalasi. Podutsa, Selinah anaona chithunzi chake m'galasimo, mutu wake utakhala ndendende pamwamba pa khosi la jeziyo, ngati waivala. Anasuntha msanga.

"Bambo, nthawi yakwana."

Nkhalambayo inaimirira, inagwedeza mapewa, inapuma mwamphamvu kawiri. Inayenda mpaka pakhomo, kho kho kho, niima.

Selinah anatsegula chitseko. Thupi lake linafuna kupatuka lokha. Chibadwire anali asanapatseko msana munthu wamkulu pakhomo. Anati chamumtima, Ambuye, tsogolani ndinu, ine ndingotsatira. Kenako anadutsa pamaso pa a Mowat, natuluka.

Anayenda pang'ono, naima. Kumbuyo kunali zii. Ankayembekezera kuti dzanja ligwera paphewa pake, koma silinabwere.

"Sunthirapo, mwanawe," anatero a Mowat ndi mawu odekha amene Selinah anali asanawamvepo. "Wamupanikiza."

Selinah anasuntha phazi limodzi, kenako lina. Makina oziziritsa anali chakutsogolo, koma kuzizira anakumva pakhosi kumbuyo.

"Eya," anatero a Mowat. "Kapusi watenga? Tiye."

Timano ta nsapato tinayamba kugogoda. Kanjira ka m'nyumbamo kanali katali, ka matailosi oyera, ndipo phokoso linkabwerera kuchokera m'makoma mwakuti munthu sakanadziwa kuti akuyenda ndi angati. Selinah sanayese kumvetsera. Sanacheuke. Anayang'ana kutsogolo kumene Jasten anaima pafupi ndi tebulo.

Jasten anali atakonzeka kuwomba m'manja ngati wochemerera. Manja ake anatsalira m'malere. Anayang'ana kumbuyo kwa Selinah, kenako anavula chipewa chake pang'onopang'ono nachigwira pachifuwa.

Atafika pabalaza, Selinah anapatuka. A Mowat anatulukira, dzanja lamanja lili m'mwamba, zala zitapindika ngati zagwira phewa la munthu wamtali. Anaima pakati pa chipinda, nayang'ana uku ndi uku, kumakatani, kudenga, ngati akuona khamu la anthu. Kenako anasisita mphepoyo kawiri, natsitsa dzanja.

"Pita kugolo kwako," anatero. "Ndili pano."

Anaima kanthawi. Mapewa awo anagwa, nakhalanso nkhalamba yovala kabudula m'nyumba ya mwana wake. Anayang'ana Selinah m'maso, koyamba sabata yonseyo.

"Tapambana?"

Selinah sanafune kunama. "Mwatuluka bwino, Bambo. Nonse mwafika."

"Ndiye ndili ndi njala."

Anadya msuzi wonse. Jasten anabweretsa theka la buledi lija, ndipo iwo analinyema pakati, gawo lina anadya, lina analikankhira patsogolo pa mpando wopanda munthu. Selinah anawapukuta pachibwano, natumizira Moira chithunzi cha mbale yopanda kanthu.

Kukhitchini, Jasten anatsuka kapu imodzi nthawi yaitali.

"Munaona chiyani, achimwene?" anafunsa Selinah.

"Palibe."

"Nanga chipewa munavuliranji?"

"Kunatentha."

Selinah sanafunsenso. Anatenga chidutswa cha buledi chotsala chija, anachiyang'ana, nakachimwaza panja kuti mbalame zidye.

Adokotala anabwera m'mawa mwake, anapeza a Mowat akudya phala, ndipo za chipatala sizinanenedwenso. Moira atabwerera, Selinah anangomuuza kuti bambo ake sakonda kutsogola pakhomo. Zina anazisunga.

Kuyambira pamenepo, pa khomo lililonse la nyumbayo, Selinah ankayamba ndiye kutuluka. Ankanena kapemphero kake, n'kuyenda mapazi angapo, n'kusiya mpata wokwana munthu mmodzi wamtali. Ndipo sankacheuka mpaka atafika.