Paipi Yosowa pa Mapu

Ku ofesi ya madzi ankangomutchula kuti Wamapu. Chipinda chake chinali chakumapeto, moyang'anizana ndi mosungira mamita akale. Munali tebulo, kompyuta, fani yotembenukira mbali imodzi yokha, ndi kabati ya mapepala imene chitseko chake chinkatsekedwa ndi waya.

Ntchito yake inali yosamala mapu a pa kompyuta osonyeza mmene mapaipi amadutsira pansi pa tauni. Mapuwo anali osanjikizana: pansi penipeni misewu, pamwamba pake nyumba, kenako mawaya a magetsi, kenako mapaipi. Chosanjikiza chilichonse ankachitcha leya. Ukadina kabokosi ka pambali leya inkaoneka, ukadinanso inkabisala. Okumba misewu ankaona mapu omwewo pa mafoni awo, ndipo asanalowetse piki pansi ankayamba ayang'ana kaye.

Leya ya mapaipi anaipanga yekha. Mapepala akale anawonongeka chaka china madzi atalowa mosungiramo, choncho kwa zaka khumi ndi chimodzi iye anayenda tauni yonse ndi kamakina kopimira malo, kutsegula zivundikiro za m'misewu ndi kufunsa mapulambala opuma ntchito. Mzere uliwonse wabuluu pa sikirini anali ataupondapo ndi nsapato zake.

Lachiwiri m'mawa munalowa injiniya, mayi wachitsikana amene anali asanathe chaka pa ntchitoyo. Anaika flashi patebulo.

"Achikulire, mundiikire iyi pa mapu. Ndi njira ya paipi imene tikuyala mu msewu wa kumsika. Katapila wokumba ngalande wafika kale, akapitawo akungodikira kuti aone podutsa."

"Khalani pansi, mayi. Ndi za mphindi zisanu."

Analowetsa flashi, n'kukokera fayilo ija pa mapu. Panatuluka kabokosi kodzaza mawu achingerezi ang'onoang'ono. Anadina povomera, monga ankachitira ndi timabokosi tonse totere. Mzere wofiira unaoneka mu msewu wa kumsika, wowongoka bwino. Mizere yonse yabuluu inazimiririka.

Wamapu anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Tauni yonse inalibe paipi ndi imodzi yomwe. Anadina kabokosi ka pambali, mzere wofiira n'kubisala. Anadinanso, n'kubwerera wokhawokha.

"Zapita kuti?" anafunsa injiniya.

"Ndikanadziwa ndikanakazitenga."

Anaimbira wamakompyuta, amene ofesi yake inali pamwamba. Anatsika patapita theka la ola, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Achimwene, ndazimitsa kawiri. Ndikazimitsanso ndizimitsa ndi nyundo."

Wamakompyuta anaseka, anakhala pampando wa eni ake osaupempha, n'kukatenga mapu amene anasungidwa pa makina aakulu a pamwamba. Mizere yabuluu inabwerera, koma wofiira uja panalibe. Wamapu anakokeranso fayilo ya injiniya, kudina povomera, ndipo mapaipi ake anasowanso. Anabwereza kachitatu, pang'onopang'ono, ngati kuti kompyuta imamvera ulemu. Zinachitika zomwezo.

Foni inalira. Anali kapitawo wa okumba, amenenso anali mlamu wake, mchimwene wa malemu mkazi wake.

"Alamu, mapu anuwa amwa chiyani lero? Paipi yabwera, paipi yapita. Ine maso akuwawa."

"Musakumbe kaye."

"Ndili ndi anthu khumi akhala pamthunzi akukambirana za mpira. Katapila madzulo akupita ku ntchito ina. Ndiwauze chiyani abwana?"

"Muwauze kuti ndati musakumbe."

"Inu mwakhala abwana liti?"

Wamapu anadula foni. Thukuta linali litanyowetsa kolala. Wamakompyuta anabwezeretsanso mapu, n'kunena kuti mwina fayilo ya injiniya ili ndi vairasi. Injiniya anayankha kuti vairasi ili pa makina a pamwamba, amene ngakhale mphemvu zinatopa nawo. Anakangana kwa kanthawi pamwamba pa mutu wa mwini chipinda, iye akungoyang'ana sikirini.

Atakokera fayilo kachinayi, kabokosi kaja katatuluka, injiniya anamugwira dzanja.

"Dikirani. Kodi mumawerenga zimene kamanenazi?"

"Kamanena zomwezomwezo masiku onse."

Mayiyo anawerama n'kuwerenga. "Akuti leya ya dzina limeneli ilipo kale. Akufunsa ngati mukufuna kuti yatsopanoyi ilowe m'malo mwake. Inu mwakhala mukuvomera."

"Dzina lanji?"

"Yangayi ndinaitcha mapaipi atsopano."

"Limenelo ndi dzina la leya yanga."

"Yanu? Yanu ndi ya mapaipi akale, achikulire. Ena anayalidwa ine ndisanabadwe."

"Leyayo inali yatsopano pamene ndinkaiyamba."

Wamakompyuta anaseka mpaka tiyi kutayikira pa thalauza. Wamapu sanaseke. Anakumbukira tsiku limene analemba dzinalo, akuganiza kuti adzalisintha ntchito ikadzatha. Ntchitoyo sinathe, ndipo dzinalo analizolowera moti sankalionanso.

Anakana funso la m'kabokosi, anasintha dzina la fayilo ya injiniya kukhala msewu wa kumsika, n'kuikokeranso. Ulendo uno wofiira unagona pamwamba pa yabuluu, yonse ikuoneka. Injiniya anapumira m'mwamba n'kutenga chikwama chake.

Wamapu anakulitsa mapu pa msewu wa kumsika kuti aone pamene mizere iwiriyo ikudutsana. Sinkadutsana paliponse. Paipi yaikulu yachitsulo, imene imapereka madzi ku chipatala ndi kumtunda konse kwa tauni, panalibe. Anaipima yekha masabata atatu apitawo. Anayang'ana misewu yoyandikana nayo, nayonso inali mbee.

"Achimwene, mapu mwabwezeretsawa anasungidwa liti?"

Wamakompyuta anakanda kumutu. "Kumayambiriro kwa mwezi watha. Makina osungira anadzaza. Ndinalemba kalata, siinayankhidwe."

"Ndiye zonse ndapima kuyambira pamenepo?"

"Zinali mu leya imene mwaifufuta m'mawa uja."

Pa foni panalowa uthenga wa mlamu wake: Zonse zaoneka bwinobwino. Tayamba.

Anaimba, foni n'kungoitana. Anaimbanso. Mapu tsopano ankaoneka athunthu, ndipo ankauza aliyense kuti pansi pa msewu wa kumsika palibe kanthu.

"Mayi, galimoto yanu ili panja?"

Ulendo wa mphindi khumi unawatengera makumi awiri ndi zisanu. Lole inali itafera pa mphambano, njinga zamoto zikulowerera paliponse. Injiniya ankaliza hutala, Wamapu akuimbabe foni yosayankhidwa. Atafika pamene msewu unatsekedwa ndi migolo, anatsika galimoto isanaime bwino.

Katapila anali atakumba kale ngalande yofika m'chiuno, yotalika ngati basi. Wamapu analumpha mulu wa dothi n'kukaima kutsogolo kwake, dzanja lili m'mwamba. Woyendetsa anatukwana n'kuzimitsa injini. Kapitawo anabwera akuthamanga, foni ili m'manja.

"Alamu, mwatopa nawo moyo? Mukufuna ndikafotokoze chiyani kwa ana?"

"Apa pali paipi yaikulu."

"Pali paipi pati? Onani." Anamuyandikizira foni kumaso. "Mapu anu omwe. Palibe."

"Mapu akunama."

Okumba aja anali atayandikira, ena atatsamira mafosholo. Mmodzi wa imvi anafunsa mwaulemu ndithu: "Nanga bambo, si inu mumatiuza kuti tisamadalire za m'mutu, tizidalira mapu? Lero tidalire ziti?"

"Lero dalirani za m'mutu," anatero Wamapu.

Anapita pa mtengo wa magetsi umene unali kutsogolo kwa shopu ya telala, n'kuyamba kuwerenga mapazi kulowera pakati pa msewu. Ankakumbukira kuti anali asanu ndi awiri. Anakanda mtanda pansi ndi chidendene n'kuwauza kuti akumbe ndi manja.

Anakumba ola lathunthu dzuwa lili paliwombo. Munatuluka miyala, mizu ndi botolo losweka. Kapitawo ankangoyang'ana wotchi.

"Mwina mitengo ya magetsi imayenda usiku, alamu."

"Kumbani."

"Kapena miyendo yanu yafupika? Ukalamba umatero."

Wamapu analowa yekha m'dzenjemo ndi nsapato za ku ofesi. Anayang'ana mtengo uja, anayang'ana khomo la telala, n'kuzindikira kuti tsiku lopima lija anawerengera pa mtengo winawo, wa pafupi ndi ngalande ya madzi a mvula. Anatuluka, kuwerenganso mapazi, ndipo mtanda wachiwiri unagwera m'mphepete mwenimweni mwa pamene katapila analekezera.

Sipanatenge nthawi. Fosholo ya wa imvi uja inalira pa chitsulo. Anapalasa dothi ndi manja, msana wakuda wa paipi n'kuonekera, waukulu ngati mgolo. Kuchokera pa mano a katapila kufika pa paipiyo panali mtunda wosakwana mkono. Woyendetsa anatsika, kuyang'ana, n'kukakhala pansi pa mthunzi.

Kapitawo anaika foni m'thumba.

"Mwatipulumutsa, alamu, sindikukana. Koma kuyambira lero ndisanakumbe paliponse ndiziyamba ndakuimbirani, mubwere mudzaime pomwepo. Za pa fonizi ayi."

"Mapu ndi abwino. Yasowamo ndi misewu yochepa chabe."

"Iti?"

Wamapu anayesa kuiwerenga m'mutu. Anafika pa isanu ndi inayi, n'kukayikira ngati wa kuseri kwa sukulu anaupima mapu aja asanasungidwe kapena atasungidwa kale.

"Sindikudziwa bwinobwino," anatero.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo."

Okumba anayamba kuika zikhomo m'mbali mwa paipi kuti katapila aizungulire. Wamapu anapempha tepi yopimira kwa kapitawo, cholembera kwa injiniya, ndi chidutswa cha katoni kwa telala. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, dothi likulowa m'masokosi, n'kuuza wa imvi uja kuti agwire nsonga ya tepi pa mtengo wa magetsi.

"Uti, bambo?" anafunsa munthuyo. "Woyamba uja kapena wachiwiri?"

"Wachiwiri," anatero Wamapu, ndipo analemba zimenezo poyamba, asanalembe nambala.