Chifuwa cha Apongozi

Ramsey akavala chikhoti chake choyera, njira yochokera kumudzi kupita kuchipatala inkatalika. Inalipo yachidule yodutsa m'minda ya chinangwa, koma iye ankazungulira dala kumsika wa pa Chia, pamene amayi amagulitsa chambo m'mphepete mwa msewu, kuti angomva mawu aja: "Mwadzuka bwanji adokotala?" Udokotalawo unali usanapse. Anali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a umedikolo asisitanti kukoleji ina ku Lilongwe, ndipo anamutumiza kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo kwa mkazi wake kuti akaphunzire ntchito pa odwala enieni. Malowo anachita kupempha yekha.

Nanga ndani angamunene? Munthu amene anadula nzimbe ku Dwangwa zaka zisanu ndi chimodzi, manja ali matuza okhaokha, n'kubwerera pabenchi la sukulu ndevu zili kuchibwano, n'kukhoza Fomu 4 mpaka kumutenga kukoleji, ameneyo ayenera kuyenda ngati msewu anaulambula yekha. Chimene chinatsala chinali chimodzi basi: Bambo Alufandika, mkulu wa chipatalacho, asaine fomu yotsimikiza kuti wophunzirayu ntchito waidziwa. Popanda fomuyo, kukoleji sakanamulola kulemba mayeso otsiriza a mu Ogasiti. Kunatsala sabata imodzi kuti asaine.

Koma Ramsey analinso mkamwini. Anachoka kwawo ku Kanyenda n'kudzamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake, Talandira, ndipo pa zaka zinayi za banjalo nkhope ya apongozi ake aakazi ankaidziwa cha m'mbali. Akakumana panjira, wina ankapatukira pathengo, moni n'kupatsana atanyonyomala, aliyense akuyang'ana kwake. Uthenga uliwonse, ngakhale wobwereka khasu, unkadzera mwa Talandira. Munthu akhoza kukwera basi mpaka ku Joni, akhoza kudya mpunga wa ku Dar es Salaam ndi kusamba m'nyanja yamchere ku Beira, koma akabwerera pamudzi apongozi amakhala apongozi.

Lolemba lina mu Juni, mwera ukuwomba, anesi anadzaitana Bambo Alufandika kuti akathandize mayi wina amene uchembere unkamuvuta.

"Pitirizani ndi mzerewu a Ramsey," anatero potuluka. "Chikakukanikani mundiitane."

Chimukanike n'chiyani? Anaona odwala oposa makumi atatu, cholembera chikungothamanga. Malungo, kutsegula m'mimba, msodzi wobayidwa ndi mbedza pachala. Kenako anati, "Wina alowe," ndipo amene analowa anali amake Talandira.

Anaima pakhomo ngati aponda minga. Kubwerera sikukanatheka, chifukwa anthu pabenchi anali atasuntha kale ndipo maso onse anali pamsana pawo. Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Mpando wa odwala sanauyang'ane n'komwe. Anakhala pansi pasimenti, nkhope kukhoma, n'kupereka buku lawo la kuchipatala ndi manja awiri cha m'mbali.

"Mwadzuka bwanji amayi?" anafunsa Ramsey akuyang'ana kalendala.

"Tadzuka, kaya inu bambo a Atikonda," anayankha apongoziwo akuyang'ana khoma. "Ndimayesa muli akuluakulu aja."

"Atuluka pang'ono. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe kwenikweni. Kathupi kuphwanya. Ndi kachifuwa. Mpunga uja takolola m'madzi ozizira."

"Chifuwacho chayamba liti?"

"Chatha masiku."

Pakati pa mawu awo panali timipata, ndipo m'timipatamo ankakoka mpweya. Ramsey anatimva timipatato. Zoyenera kuchita ankazidziwa ngati dzina lake, moti kukoleji anzake ankabwera kwa iye kuti awakumbutse. Uwerenge kapumidwe ukuyang'ana chifuwa. Wodwala akweze malaya. Uike chomvetsera kumsana, mbali iyi ndi iyo, kumtunda mpaka kumunsi, kenako kutsogolo. Koma msana wake wa ndani? Chomvetsera chimene ankayenda nacho m'khosi ngakhale popita kukagula mandasi chinalemera ngati goli la ng'ombe.

Akanatha kutuluka, kudutsa khonde, kukagogoda kwa Bambo Alufandika. Anaganiza zimenezo. Anaganizanso za anthu a pabenchi akuona adokotala awo akuthawa m'chipinda, ndi za akuluakulu aja akuvula magolovesi kuti adzaone kachifuwa, sabata imodzi fomu isanasainidwe. Ndiye anawatumiza apongoziwo kukabayitsa chala kuti ayezedwe malungo. Atabwerera, malungo sanapezeke. Anawalembera panado. Pamalo polemba zimene wapeza popima wodwala, dzanja lake linalemba mawu awiri a Chingerezi otanthauza kuti m'chifuwa mulibe vuto. Linali litawalemba kale kambirimbiri m'mawawo, ndipo linangowalembanso.

"Zikomo bambo," anatero amake Talandira, n'kutuluka chokwawa mpaka pakhomo.

Madzulo ake anafunsa mkazi wake ngati kuti akungocheza. "Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino, akuti mankhwala a mkamwini wawo ndi amphamvu," anatero Talandira akupeta mpunga. "Auza mudzi wonse. Mawa mupeza azakhali onse pamzere, aliyense ndi nyamakazi yake."

Anayesa kuseka. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunkamveka chifuwa cha apongozi, chouma, chosafuna kutha. Lachiwiri anaganiza zowauza Bambo Alufandika zoona nthawi ya nkhomaliro. Nthawiyo itakwana, akuluakuluwo anamuyamikira chifukwa cha mmene anasokera bala la mwana wina, ndipo sanawauzenso. Lachitatu anadzera njira ya m'chinangwa, chikhoti atachipinda m'chikwama.

Lachinayi cha m'ma teni koloko njinga ya kabaza inaima pakhonde la chipatala. Pakaliyala panali amake Talandira, mutu uli pendekeke, ndipo Talandira ankathamanga pambali atawagwira m'chiuno. Anawagoneka pabedi la m'chipinda chopimira. Ulendo uno Bambo Alufandika analimo.

Anali munthu wochepa thupi, wa imvi, wosafulumira pa chilichonse. Anayang'ana wotchi akuwerenga kapumidwe. Anamvetsera kumsana nthawi yaitali. Kenako anatsegula buku lija, n'kuima pa tsamba la Lolemba. Ramsey anali ataima pakona, pafupi ndi ndowa yosambira m'manja, akuyang'ana nsapato zake.

"Amayi, Lolemba anakuonani ndani?"

"Adokotala aang'onowa."

"Anakumvetserani m'chifuwa ndi chipangizo ichi?"

Amake Talandira anakoka mpweya kawiri. "Anandipima bwinobwino," anatero. "Kutsogolo ndi kumbuyo. Matendawa angokula okha."

"Zimatheka," anatero Bambo Alufandika. "Chibayo chimatha kubisala Lolemba n'kudzaonekera Lachinayi." Anatembenuka. "Si choncho a Ramsey?"

Kunali kungogwedeza mutu movomera basi. Wodwala mwiniwake anali atachitira umboni, buku linali kumbali yake, ndipo sabata yotsatira fomu ikanasainidwa. Koma mayi aja anali ndi mpweya wochepa kwambiri, ndipo wochepawo anauwonongera pa bodza lomutchinjiriza iye. Ramsey anadzutsa mutu.

"Sindinamvetsere, bwana."

"Mwati bwanji?"

"Sindinawakhudze n'komwe. Ndi apongozi anga."

Talandira anamuyang'ana, n'kuyang'ananso amayi ake.

Bambo Alufandika sanakweze mawu. Anaitana anesi kuti abweretse jakisoni, anawauza mlingo wake, n'kuimba foni pa boma kuti ambulansi ibwere. Zonsezo zitatha anati, "Bwerani kuno a Ramsey. Mvetserani."

Ramsey sanasunthe. Amake Talandira anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu konse. Mawu anatulukira m'chitenjemo, opita kwa mwana wawo monga mwa nthawi zonse: "Tala, uwauze agwire ntchito yawo."

"Akuti mugwire ntchito yanu," anatero Talandira, osamuyang'ana, n'kukweza bulauzi ya amayi ake kumsana.

Ramsey anaika chomvetsera panthiti. Kumanzere mpweya unkalowa ndi kutuluka. Kumanja, cha kumunsi, kunkathetheka ngati udzu wouma ukamapsa. Sikunali kobisika. Ngakhale wophunzira wa chaka choyamba akanakumva.

"Mwamva chiyani?"

"Chibayo, bwana. Kumanja kumunsi."

"Chayamba lero?"

"Ayi bwana."

Podikira ambulansi, Bambo Alufandika anamutengera mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Sanamuuze kuti akhale.

"Apongozi anga ine ali ku Liwaladzi," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zitatu, sindikudziwa ngati ali ndi mano. Akabwera kuno ndimathawira kosungira mankhwala, amawaona ndi anesi. Mukanadzandiitana Lolemba ndikanakusekani mpaka Khirisimasi, koma ndikanabwera."

"Ndinaopa kuti muziti ntchito yandikanika."

"Ndiye munaona kuti bola iwakanike mayiwa kupuma." Anaika buku lija patebulo. "Bukuli limayenda, a Ramsey. Lero likupita pa boma. Dokotala wa kumeneko sakudziwani inu, sadziwa za chikamwini chanu. Awerenga kuti Lolemba m'chifuwa munali bwino, ndipo aganiza kuti matendawa ndi a masiku atatu. Tengani cholembera."

Anamuuza kuti adule mzere umodzi pa mawu awiri aja, mosawafufuta, kuti aziwerengekabe. Pambali pake alembe kuti wodwala sanapimidwe m'chifuwa tsiku limenelo, aike deti ndi dzina lake lonse. Ramsey analemba. Dzina lake, limene ankalisaina mokhotakhota ngati la nduna, linatuluka laling'ono.

"Za fomu ija," anatero Bambo Alufandika, "sindisaina."

"Bwana, mayeso ndi a mu Ogasiti."

"Ndikudziwa. Ndilembera kukoleji kuti mukufunika masabata ena asanu ndi atatu, ndipo chifukwa chake ndichinena. Mudzalemba ndi gulu la pambuyo panu. Mukanagwedeza mutu muja, mwina ndikanasaina, chifukwa umboni ndinalibe. Musaganize kuti sindikudziwa zimenezo. N'chifukwa chake ndikuti masabata asanu ndi atatu, osati muzipita kwanu." Anatsegula chitseko. "Kapumeni mphepo mphindi zisanu. Anthu akudikira."

Ambulansi inali itafika. Amake Talandira anali atawalowetsa kale, ndipo Talandira anaima kumbuyo kwa galimotoyo atanyamula kamtolo ka zovala ndi fulasiki. Ramsey anamupatsa buku lija.

"Achira?" anafunsa Talandira.

"Achira. Jakisoni ayamba kale. Koma akanayamba Lolemba sakanafika apa."

"Masiku atatu mwakhala mukundifunsa kuti amayi ali bwanji. Ine kumati koma ndiye ndinakwatiwa ndi munthu wachikondi."

Talandira analowetsa bukulo m'kamtolo ka zovala.

"Fomu ija?"

"Sasaina. Ndibwereza. Mayeso ndidzalemba ndi a pambuyo panga."

Talandira anasuntha kamtolo kaja kuchoka kudzanja lina kupita kulina. "Amalume anasunga mbuzi ya phwando lanu. Ndikawauze chiyani?"

"Ukawauze zoona."

"Zoona zake ziti? Kuti munakana kugwira msana wa apongozi anu?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Simukuwadziwa anthu a kwathu. Akamva zimenezo mbuzi zikhala ziwiri. Aziti mkamwini waulemu ngati ameneyu sanaonekepo pa Chia."

"Usakanene za msana. Ukanene za buku. Kuti ndinalemba zimene sindinamve."

"Zimenezo mukanene nokha," anatero Talandira. "Ine ndatopa kunyamula mauthenga."

Dalaivala analiza hutala. Talandira anakwera, chitseko chinatsekedwa, ndipo galimoto inalowa mumsewu wa ku boma. Ramsey anatsala ataima pafumbi. Kwa amalume a mkazi wake kunali koyenda mphindi makumi awiri kuchokera pachipatala, ndipo anadziwa kuti akaweruka ayenera kukafika kumeneko nkhani isanafike yokha itavala zovala zabwino. Anabwerera m'chipinda chopimira. Anapeza Bambo Alufandika atakokera mpando wawo pakona, kumbuyo kwa mpando wake, atapinda manja.

"Itanani wina," anatero.