Zovala za Makanda a Kundende

Amayi a mumpingo ankangowatchula kuti Atelala, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera mabasi. Anali mayi wamasiye wa ana awiri. Chisamba wawo anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu. Wachiwiri anali wamkazi, ndipo aliyense ankamuitana kuti Mzime ngakhale anali atakula, akugwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina m'tauni yoyandikana nayo.

Pagulu la amayi oyendera ovutika, Atelala sankajomba. Kuchipatala ndiwo ankasambitsa nkhalamba zosowa owadikirira, kuziwenga zikhadabo, kenako n'kuzikalipira mwachikondi kuti zidye. Chaka chimenecho gululo linapatsidwa chilolezo chokacheza ndi amayi a m'ndende ya m'tauni momwe Mzime ankagwira ntchito. Mayi Busa atanena kuti m'ndendemo muli makanda asanu, Atelala anatolera zidutswa za nsalu zotsala n'kusoka timalaya, tizipewa ndi matewera kwa masabata awiri.

M'minibasi popita, Amlembi a gululo, mayi wa pakamwa posapuma, anawagwira paphewa.

"Tikatuluka kundendeko mutitengere kuhotela kwa mwana wanu. Nafenso tikadyeko ndi mafoloko tisanafe."

"Inu foloko mukaibaya palilime," anatero Atelala, amayi onse n'kuseka. "Komatu mwanayo sakudziwa kuti ndikubwera. Foni yake inagwera m'madzi, mwezi wachitatu uno. Moni amandipatsira kwa achimwene ake."

"Miyezi itatu wopanda foni? Mtsikana wa masiku ano?"

"Ntchito yamuchulukira," anayankha Atelala mwachidule, n'kuyang'ana pawindo.

Pachipata cha ndende anasiya mafoni onse m'bokosi. Asilikali anaboola sopo aliyense ndi waya, anavundula shuga ndi supuni, ndipo tizovala ta makanda anatitambasula kamodzikamodzi. Kenako msilikali wamkazi wamtali, wonyamula makiyi m'chiuno, anawalowetsa pabwalo la simenti pomwe mabulangeti anali atayanikidwa pazingwe. Amayi pafupifupi makumi anayi anali atakhala pansi m'mizere. Anaimba nyimbo ziwiri, Mayi Busa analalikira pang'ono, ndipo inafika nthawi yogawa zinthu.

Amayi anayi a makanda anabwera kwa Atelala. Aliyense anamupatsa kamtolo kake, akuyeza timalayato pamsana pa khanda ndi maso a mmisiri. Kamtolo kachisanu kanatsala m'manja.

"Nanga wachisanu ali kuti?"

"Ali m'kati," anatero msilikali uja. "Wakana kutuluka, akuti mutu. Koma m'mawa anali bwinobwino. Wayamba kudwala atangosuzumira pawindo n'kuona inu mukulowa."

"Ndi manyazi chabe amenewo. Khandalo ndi lalikulu bwanji?"

"Masabata atatu. Mlandu wake sunazengedwe, akudikira khoti."

"Ndiperekezeni ndikamuone. Mayi wongobereka kumene sasiyidwa yekha."

Chipindacho chinali chachitali, mawindo ake ang'onoang'ono ali m'mwamba. Matiresi anali atapindidwa m'mbali mwa khoma, kupatula amodzi kumapeto. Pamenepo panagona munthu atayang'ana kukhoma, atafunda bulangeti mpaka kumutu. Pambali pake khanda linali kulira mopanda mphamvu, litakulungidwa m'thaulo lothaitha.

Atelala anagwada, ananyamula khandalo n'kuliika pachifuwa. Linangoti zii.

"Mwana wanga, dzuka," anatero kwa wogonayo. "Ife sitinabwere kudzafunsa milandu. Taona, ndamusokera mwanayu timalaya. Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Wogonayo anangodzikulunga kwambiri m'bulangeti lija. Linali lalifupi, moti phazi limodzi linatulukira kumunsi. Atelala anatambasula dzanja kuti alifunditse, koma dzanjalo linaima m'malere. Pamwamba pa chidendene panali chipsera cha makona atatu, chonga nsonga ya simbi yositira. Chipsera chimenecho iwo anachitsuka ndi madzi amchere masiku khumi, mwini wake ali ndi zaka zisanu, atapunthwa pa simbi pakhonde la sitolo ya zitsulo.

Anakoka bulangetilo mwamphamvu.

Anali Mzime. Tsitsi lake linali litametedwa, masaya atalowa m'kati, ndipo anali atatseka nkhope ndi manja onse awiri.

M'makutu mwa Atelala munangoti ng'wii. Manja awo anafooka, khanda linayamba kutsetsereka, ndipo msilikali analumpha n'kuliwakha lisanafike pansi.

"Mayi! Mwatani? Mukumudziwa ameneyu?"

"Ali kuhotela," anatero Atelala, akuyang'ana msilikaliyo ngati akumupempha kuti avomereze. "Mwana wanga ali kuhotela. Amalandira alendo. Achimwene ake anamuona sabata yatha."

"Anandionera kuno, amayi," anatero Mzime m'kati mwa manja ake.

Atelala anakhala pansi pasimenti, miyendo ili tambalale ngati kamwana. Anayang'ana Mzime, anayang'ana khanda lili m'manja mwa msilikali, n'kuyang'ananso Mzime.

"Nanga uyu?"

"Ndi wanga. Ndi wamkazi."

"Wako? Unali ndi pakati iwe? Liti? Wa ndani?"

Msilikali anasuntha pang'ono n'kuima pakhomo, atawapatsa msana, akugwedeza khandalo. Mzime anadzuka n'kutsamira khoma. Anafotokoza ndi mawu otsika, osayang'ana mayi ake kumaso. Kuhotelako kunali mwamuna wina wophika. Anayamba kukhala limodzi chaka chathachi, popanda aliyense kudziwa. Poyamba anali munthu wabwino. Kenako anayamba nsanje: bwanji wamwetulira mlendo, bwanji wachedwa. Makofi anayamba, ndipo mimba itaonekera zinangoipiraipira.

"Tsiku limenelo ndinkasita yunifolomu, kukonzekera kupita kuntchito. Anandigwira pakhosi n'kundikanikizira kukhoma. Ndinaona mdima, amayi. Mwana m'mimbamu anali kugunda. Simbi inali m'manja mwanga, ndiye ndinangoiponya kumaso kwake. Diso limodzi linawonongeka. Apolisi atabwera anatenga ine."

Anatsitsa kolala ya bulauzi yake. Patapita miyezi itatu, pakhosipo panali padakali timizere takuda, momwe zikhadabo zinalowa.

Atelala anagwira pakamwa.

"Waberekera kuti?"

"Ananditengera kuchipatala. Msilikali ameneyu ndiye anandigwira dzanja."

"Ine ndili moyo? Ine amene ndimagwira manja a ana a eni ake sabata ndi sabata? Bwanji sunanditumizire mawu, Mzime? Ndinakulakwira chiyani?"

Mzime anakweza maso.

"Mukukumbuka mtsikana uja wa m'kwaya, atatenga mimba n'kuimitsidwa mumpingo? Ndinali pakhonde panu tsiku limenelo, ndikukuthandizani kusomeka mapini. Munati, 'Akanakhala wanga ameneyu, bola n'kanamuika m'manda.' Ndiye ndinawagwadira achimwene kuti asakuuzeni."

Atelala anatsegula pakamwa kuti akane, koma anakumbukira. Anakumbukira ngakhale nsalu yomwe ankadula tsikulo, yobiriwira ya madontho oyera. Mawuwo ananena mongocheza, mapini ali pakamwa, ndipo anthu omwe anali pakhondepo anavomera ndi mitu. Iwo anawaiwala lisanalowe dzuwa. Sankadziwa kuti mwana wawo anawasunga zaka zinayi.

"Mayo ine," anangotero. "Pakamwa pangapa."

Anakwawa ndi mawondo mpaka pamatiresi, n'kumukumbatira Mzime. Anamva nthiti zake zonse. Mzime anauma kaye ngati mtengo, kenako anagwetsa mutu paphewa la mayi ake n'kulira kulira kwa munthu amene wakhala akudzigwira nthawi yaitali.

"Nthawi yatsala pang'ono," anatero msilikali mofatsa. "Anzanu akukufunsani panja."

Atelala anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Anatenga khanda, analivula thaulo lija n'kuliveka kamalaya kachikasu ka m'kamtolo kachisanu. Batani limodzi linawakanika katatu konse.

"Dzuka, tiye panja."

"Ayi amayi, Amlembi ali pomwepo. Mawa mpingo wonse ukhala utadziwa."

"Mpingowo udziwe kumene. Ukamve kwa ine."

Atatulukira pabwalo, amayi a mpingo anali akulongedza zidebe. Amlembi anatembenuka akuseka.

"Atelala, tinkati akutsekerani komweko! Mwamupeza wamanyaziyo?" Kenako anaona amene anali kumbuyo kwawo. Chidebe chinawapulumuka n'kugubuduzika pasimenti. "Si Mzime uyu? Mzime wa kuhotela?"

Mayi Busa anagwira pamtima. Mayi wina wa m'gululo anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Ndi yemweyo," anatero Atelala. "Uyu ndi mwana wanga, ali muno mwezi wachitatu, ine osadziwa. Ndipo uyu ndi mdzukulu wanga. Ndamudziwa lero."

Amene anayamba kuyankha anali mkaidi wina wachikulire, wa mano awiri okha kutsogolo, yemwe anakhala kumapeto kwa mzere.

"Ndiye agogo ake ndi inu? Mwachita bwino kubwera. Kamwanako kali ndi mawu ngati mlaliki, ife tulo tinaiwala."

Akaidi ena anaseka chapansipansi. Mayi Busa anayenda pang'onopang'ono, anamugwira Mzime manja onse awiri, ndipo pofuna kupemphera anangoti, "Atate," mawu ena onse n'kuwathawa. Anaima choncho mpaka belu linalira.

Atelala anafuna kutuluka ndi khandalo, koma msilikali anapukusa mutu. "Akuyamwa, mayi. Malo ake ndi pomwe pali mayi ake. Tsiku loona abale ndi Loweruka."

Atangolandira foni yawo pachipata anaimbira chisamba wawo. Anayankha injini ikulira kumbuyo.

"Amayi, ndili pamsewu, ndikuimbirani ndikaima."

"Ima pompano. Ndili pachipata cha ndende. Ndamuona mlongo wako."

Injini inazima.

"Amayi, ndinalumbira kwa iye. Anati ndikakuuzani adzipweteka. Ndimapitako ndikamadutsa, ndinamupezeranso loya wa boma. Ndinkati ndikuuzeni mlandu ukatha."

"Unkadya kunyumba kwanga, n'kumandiuza kuti akupereka moni."

"Moniwo ankaperekadi, amayi."

Atelala anadula foni. M'minibasi pobwerera munalibe nyimbo. Amlembi, amene sanakhalepo chete chibadwire, anangowagwira dzanja ulendo wonse.

Nkhani inafalikiradi mumpingo. Ena anabwera pakhonde la sitolo ndi nsalu zosafunika kusoka, pofuna kungoona nkhope yawo. Atelala ankawauza okha asanafunse. Loweruka lililonse ankatseka makina n'kukwera basi, kukaima pamzere wa abale kunja kwa ndende, padzuwa, pakati pa amayi ena amene kale ankangowadutsa akamalowa ngati alendo a mpingo.

Pakamwa pa Amlembi panagwira ntchito. Anapita okha kunyumba za lendi kumene Mzime ankakhala, anacheza ndi aliyense wa pampopi, mpaka anapeza mayi wa khomo loyandikana amene anamva kukuwa tsiku lija ndi kuona pawindo mwamunayo atamugwira Mzime pakhosi. Mayiyo ankaopa makhoti. Amlembi anamuyendera kanayi mpaka anavomera kukachitira umboni. Namwino wa kusikelo nayenso anabweretsa zomwe analemba za mabala akale.

Mlandu unazengedwa patapita miyezi inayi. Woweruza anamva mboni zonse ndipo ananena kuti Mzime ankadziteteza. Anamumasula tsiku lomwelo. Achimwene ake anabwera kudzawatenga, ndipo pamsewu Atelala anawayankhula kwa nthawi yoyamba chichokere tsiku la foni lija, powauza kuti achepetse liwiro, m'galimoto muli khanda.

M'mawa mwake Atelala anadzuka, anasesa, anatereka madzi osamba, tiyi n'kupsa. Dzuwa linakwera koma Mzime sanatuluke. Anamva khanda likulira kuchipinda, ndiye anapita kukatsegula. Anamupeza Mzime ataima chilili kuseri kwa chitseko, atavala kale, bulangeti atalipinda bwinobwino, mwana ali m'manja.

"Waima pamenepa nthawi yonseyi? Ukudikira chiyani?"

"Ndimadikira kuti mutsegule."

Atelala anayang'ana chitsekocho, chomwe chinalibe ngakhale loko. Kenako anatambasula manja.

"Bweretsa mwanayo kuno. Pita ukasambe, madzi akuzizira."